CHAMBA NDI NJALA: KODI N'ZOONA KUTI CHIMATHANDIZA WODWALA KUDYA?

Kaya muli ku Chimadzi mumzinda wa Tete muno, kaya ku Moatize, ku Zóbuè, ku Calómuè ndi ku Ulónguè, kapena tsidya linalo la malire ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza, mawu awa munawamvapo: "Mum'patse kachamba pang'ono, adya ameneyo." Mawuwa amanenedwa munthu akadwala nthawi yaitali n'kuyamba kukankha mbale ya nsima. Amanenedwanso ndi anyamata aganyu amene amati sangathe kumeza kanthu asanasute. Pali mabanja ena amene amafika poponya masamba a chamba mu tiyi kapena m'phala la wodwala, mwina iye osadziwa n'komwe.

Amene amachita zimenezi sakhala ndi cholinga choipa. Kuona mbale wako akuonda tsiku ndi tsiku n'kowawa, ndipo munthu amagwira chilichonse chimene wamva kuti chingathandize. Tsono mwezi uno tafuna kuti tikambirane nkhaniyi bwinobwino. N'zoona kuti chamba, chimene olankhula Chipwitikizi amachitcha suruma, chimadzutsa njala, ndipo akatswiri akudziwa mmene chimachitira zimenezi. Chimene tiyenera kumvetsa ndi chakuti njala imeneyo ndi yamtundu wanji, imakhala nthawi yaitali bwanji, ndiponso imabisa chiyani m'thupi mwa munthu amene wasiya kudya.

NJALA IMAYAMBIRA KUTI?

Ambirife tikamati tili ndi njala timagwira pamimba. Koma amene amalamula kuti munthu adye kapena asiye kudya ndi ubongo. Pansi pa ubongo pali kachigawo kakang'ono, kukula kwake ngati mtedza, kotchedwa hypothalamus. Ntchito yake ili ngati ya mayi wosunga nkhokwe pakhomo. Kamalandira uthenga kuchokera m'thupi monse, n'kuona ngati chakudya chilipo chokwanira kapena chatha.

M'mimba mukakhala mopanda kanthu, chifu chimatulutsa timadzi totchedwa ghrelin, timene timayenda m'magazi kukauza ubongo kuti nthawi yakudya yakwana. Timadzi timeneti anatitulukira akatswiri a ku Japan mu 1999. Mafuta a m'thupi nawonso amatulutsa timadzi tawo totchedwa leptin, timene tinadziwika mu 1994, ndipo timauza ubongo kuti m'nkhokwe mudakali chakudya. Mphuno, lilime ndi maganizo zimathandizanso. N'chifukwa chake fungo la nsomba ya Chicoa ili pamoto limakupatsani njala ngakhale mwangodya kumene, pamene munthu amene ali pamaliro a mwana wake amatha kukhala tsiku lonse osafuna ndi madzi omwe.

Thupi likamalimbana ndi matenda, asilikali a m'thupi amatulutsa timadzi tina timene timazimitsa njala. Choncho munthu akasiya kudya kwa masiku ambiri, nthawi zambiri ndiye kuti thupi lake likukuuzani kuti m'kati muli vuto. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

CHAMBA CHIKALOWA M'THUPI

M'chamba muli mankhwala amitundu yambiri, koma amene amaledzeretsa ndi otchedwa THC. Anawapatula bwinobwino koyamba mu 1964 akatswiri awiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni. Mu 1988 akatswiri a ku America anapeza kuti mu ubongo muli timalo tapadera timene THC amakakhalapo, ndipo timalo timeneti timatchedwa CB1. Tingatiyerekeze ndi maloko a pazitseko. Anthu anadabwa kuti thupi la munthu lingakhale bwanji ndi maloko oyembekezera kiyi wochokera ku chomera. Yankho linapezeka mu 1992, pamene gulu la Mechoulam linapeza kuti thupi limapanga lokha kiyi wa maloko amenewa, ndipo anamutcha anandamide.

Kiyi wa thupi amapangidwa pang'onopang'ono, pamalo pamene akufunika, ndipo akagwira ntchito amasungunuka msanga. Amathandiza pa njala, tulo, ululu ndi kukumbukira zinthu. THC ali ngati kiyi wa mbava. Amalowa m'maloko onse nthawi imodzi, m'zipinda zoyenera ndi zosayenera zomwe, ndipo amachedwa kutulukamo. Pa nkhani ya chakudya, kiyi ameneyu amachita zinthu zitatu.

Choyamba, amakuza fungo. Mu 2014 akatswiri a mumzinda wa Bordeaux ku France anaonetsa kuti mbewa zopatsidwa THC zimamva fungo la chakudya mwamphamvu kuposa zinzake, ndipo zimadya kwambiri chifukwa cha fungolo.

Chachiwiri, amawonjezera kukoma. Gawo la ubongo limene limapatsa munthu chisangalalo akadya chinthu chokoma limagwira ntchito mopitirira, makamaka pa zakudya zotsekemera ndi zamafuta.

Chachitatu ndiye chodabwitsa. Mu ubongo muli minyewa imene ntchito yake ndi kuuza munthu kuti wakhuta, asiye kudya. Mu 2015 gulu la Tamas Horvath ku yunivesite ya Yale ku America linapeza kuti mbewa zikapatsidwa mankhwala otsegula maloko a CB1, minyewa yomweyo imatembenuka n'kuyamba kulimbikitsa kudya. Zili ngati mlonda amene munamulemba ntchito yotseka chipata wayamba kuitana aliyense wodutsa kuti alowe.

Apa mukuona kuti njala ya chamba sichokera ku kusowa kwa chakudya m'thupi. Munthu akhoza kukhala kuti wangomaliza mitanda itatu ya nsima, koma akasuta amafunanso kudya. Akasuta, mphamvu yake imayamba m'mphindi zochepa ndipo imatha pakapita maola 2 kapena 3. Akadya chamba m'chakudya kapena kumwera mu tiyi, chimachedwa kuyamba, mwina mphindi 30 mpaka maola 2, koma chikayamba chimakhala maola 6 kapena kuposerapo. Kuchedwa kumeneku n'kumene kumapusitsa anthu. Amaganiza kuti aika chochepa, n'kuwonjezera china, kenako zonse zimabwera nthawi imodzi.

NANGA AMADYA CHIYANI?

Mu 1988 Richard Foltin ndi anzake a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anthu amamutchulabe mpaka lero. Anasunga amuna 6 m'nyumba yoyesera kwa masiku 13, masiku ena akuwapatsa chamba chenicheni, masiku ena ndudu zofanana nacho koma zopanda THC, ndipo ankayeza chilichonse chimene adya. Masiku osuta chamba chenicheni, chakudya chimene amunawa ankadya chinakwera ndi magawo 40 pa 100 aliwonse. Koma pa nthawi ya chakudya chenicheni, monga nkhomaliro ndi mgonero, sanadye zambiri kuposa masiku onse. Chimene chinakwera ndi zotolatola za pakati pa tsiku, makamaka zotsekemera monga maswiti ndi chokoleti.

Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Mnyamata akasuta sathamangira nyemba kapena nkhwani wotendera. Amathamangira mandasi, mabisiketi, chipisi cha pachiwaya ndi zakumwa zotsekemera. Mimba imadzaza ndithu, koma zakudya zimenezi sizimanga thupi. Wodwala amene waonda amafunika zakudya zobwezera minofu ndi magazi, monga nyemba, nsawawa, mazira, kapenta, nyama ya mbuzi, masamba ndi zipatso. Werengeraninso ndalama yake. Amene wanyamula katundu tsiku lonse pamsika wa Kwachena n'kupeza kangachepe, akagula chamba, n'kugulanso zotolatola zoti aphe njala ya chambacho, ndalama ya ufa wa kunyumba imathera panjira.

BWANJI OSUTA KWAMBIRI AMBIRI SANENEPA?

Ngati chamba chimadzutsa njala, tikanayembekezera kuti amene amasuta tsiku ndi tsiku akhale onenepa kuposa anzawo. Inu nomwe mukudziwa kuti sizili choncho. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011, wochokera pa mayankho a anthu masauzande ambiri a ku America, anapeza kuti kunenepa kwambiri kunali kochepa pakati pa osuta chamba poyerekeza ndi osasuta.

Chimodzi mwa zimene zimachitika ndi chakuti ubongo umazolowera. Maloko a CB1 akamatsegulidwa mwankhanza tsiku lililonse, ubongo umadziteteza pochepetsa chiwerengero chake. Zikatero kiyi wa thupi, uja wopangidwa pang'onopang'ono, sakwanitsanso kudzutsa njala payekha. Munthu amadzuka m'mawa wopanda chilakolako cha chakudya, nsima ikumveka ngati dothi m'kamwa, mpaka atasuta. Apa ndi pamene amayamba kunena kuti, "Ine popanda chamba sindidya." Iye amaona ngati chamba ndicho chikumuthandiza, pamene ndicho chinamulanda njala yake yachibadwa n'kumamugulitsanso pang'onopang'ono.

Munthu wotere akasiya kusuta, masiku oyamba amakhala ovuta. Njala imatheratu, tulo sitibwera, amalota maloto oopsa, amapsa mtima msanga, ndipo ena amatuluka thukuta kapena kumva m'mimba kupota. Zimenezi zimayamba tsiku loyamba kapena lachiwiri, zimakula m'sabata yoyamba, ndipo kwa ambiri zimachepa pakatha masabata awiri. Akatswiri amene anajambula ubongo wa anthu osiya chamba anapeza kuti maloko aja amabwerera mwakale pakatha pafupifupi masabata 4. Ena amagonja m'masiku oyambawa poganiza kuti akudwala chifukwa chosiya, osadziwa kuti atsala pang'ono kuoloka.

Mwa anthu 10 amene amayamba kusuta chamba, pafupifupi mmodzi amafika pokanika kusiya. Mwa amene amayamba ali achinyamata osakwana zaka 18, ndi mmodzi mwa 6 aliwonse. Kuwonjezera apo, kwathu kuno chamba sichiyenda chokha. Chimayenda ndi fodya, amene amapha njala, ndiponso kachasu kapena nipa, zimene zimawononga chifu ndi chiwindi.

PAMENE CHAMBA CHIMASANZITSA

Pali vuto lina limene anthu ambiri salidziwa. Madokotala a ku South Australia analifotokoza koyamba mu 2004. Ena mwa anthu amene asuta chamba kwambiri kwa zaka zingapo amayamba kumva nseru m'mawa, kupweteka m'mimba ndi kusanza kosalekeza kwa tsiku limodzi kapena masiku angapo. Kumaleka, kenako pakapita masabata kumabweranso. Chizindikiro chake chachilendo ndi chakuti wodwalayo amapezako bwino akasamba madzi otentha kwambiri, moti amasamba kangapo pa tsiku.

Popeza anamva kuti chamba chimaletsa nseru, wodwalayo amawonjezera kusuta, ndipo vuto limakula. Ndi kutentha kwa kuno ku Tete, munthu wosanza chotere amatha madzi m'thupi msanga ndipo impso zikhoza kuwonongeka. Apite kuchipatala mwachangu ndipo akawauze achipatala zoona zake za kusutako. Kusanzaku kumatha munthu akasiya chamba.

NANGA SI KUNJA AMAPEREKA CHAMBA KUCHIPATALA?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili ndi mbiri. Mu 1985 boma la America linavomereza kapisozi wotchedwa dronabinol, amene ndi THC wopangidwa kufakitale, kuti azithandiza odwala khansa amene akusanza chifukwa cha mankhwala amphamvu. Mu 1992 linavomerezanso kuti azipatsidwa kwa odwala Edzi amene asiya kudya ndipo akuonda. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo kunalibe ma ARV amphamvu amene tili nawo lero. Anthu ankangotha thupi mpaka kumwalira, matenda amene makolo athu ankawatcha kaliwondewonde. Pa kafukufuku wa odwala Edzi 139 amene anasindikizidwa mu 1995, ena mwa amene analandira kapisoziyu anati chilakolako cha chakudya chabwerako, koma pasikelo kusintha kunali kochepa kwambiri.

Kwa odwala khansa zotsatira zake sizinali zolimbikitsa. Kafukufuku wa ku Ulaya wa mu 2006, wa odwala khansa oposa 200 amene anali ataonda, anapeza kuti amene analandira mankhwala a chamba sanasiyane ndi amene analandira makapisozi opanda mankhwala.

Akatswiri ena anaganiza zotembenuza nkhaniyi. Anati ngati kutsegula maloko a CB1 kumadzutsa njala, ndiye kuti kuwatseka kungathandize anthu onenepa kwambiri kuchepetsa thupi. Anapanga mapiritsi otchedwa rimonabant, amene anayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 2006. Anthu anachepadi thupi, koma ambiri anayamba kuvutika maganizo, ena mpaka kuganiza zodzipha, ndipo mu 2008 mapiritsiwo anachotsedwa pamsika. Phunziro lake ndi lakuti maloko amenewa sagwira za njala zokha. Amagwiranso maganizo a munthu, ndipo wosewera nawo amakhudza zonse ziwiri.

Onaninso kusiyana kwake. Kapisozi wa kuchipatala ali ndi muyezo wodziwika, alibe utsi, ndipo dokotala amamupereka atadziwa kale matenda a munthuyo. Chamba chogula pamsika kapena chothyola kumunda palibe amene angakuuzeni mphamvu yake. Chalero chikhoza kukhala chofooka, chamawa n'kukhala chozunguza mutu.

CHIMENE NJALA YA CHAMBA IMABISA

Tibwerere ku mfundo ija. Kusowa chilakolako cha chakudya ndi chizindikiro, ngati utsi umene ukutuluka padenga. Wanzeru amafufuza pamene pali moto. Matenda amene kawirikawiri amachotsa njala ndi kuondetsa munthu m'dera lathu lino ndi awa:

Chifuwa chachikulu cha TB. Munthu amatsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, amatuluka thukuta usiku, amatentha thupi madzulo ndipo amaonda. Abambo amene anagwirapo ntchito m'migodi, kuno kapena ku South Africa, asamale kwambiri. TB imachizika ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma ku Mozambique ndi ku Malawi ndi aulere. Utsi wa chamba umapweteka mapapo amene akudwala kale, ndipo kusutira pamodzi m'kachipinda kotseka n'kumapatsirana ndudu kapena kaliwo mmodzi kunapezekapo kuti kunafalitsa TB pakati pa achinyamata ku Australia ndi ku America.

HIV. Munthu amene sanayezetse, kapena amene anasiya kumwa ma ARV, amayamba kuonda, kutsegula m'mimba ndi kutuluka zoyera m'kamwa ndi kukhosi zimene zimapweteka pomeza. Wotereyu sadya chifukwa cha ululu, ndipo zoyerazo zili ndi mankhwala ake kuchipatala. Chimene chimabwezeradi thupi kwa munthu amene ali ndi HIV ndi kumwa ma ARV tsiku lililonse. Chamba chimasokoneza kukumbukira, ndipo kuiwalaiwala mankhwala ndiko kumapatsa kachilombo mpata.

Matenda a shuga. Munthu amamva ludzu kwambiri, amakodza pafupipafupi ndipo amaonda ngakhale akudya. Kwa ameneyu, njala ya zotsekemera imene chamba chimabweretsa ndi yoopsa zedi.

Palinso malungo, njoka za m'mimba, zilonda za m'mimba, khansa, ndi matenda a nkhawa amene amagwira munthu amene waferedwa, wachotsedwa ntchito kapena banja lake latha.

Tiyerekeze kuti bambo wina ali ndi TB koma sakudziwa. Achibale am'patsa chamba, ndipo madzulo amenewo wadya mbale yonse. Onse akusangalala kuti wayamba kuchira, ulendo wa kuchipatala n'kuimitsidwa. Pakutha miyezi iwiri mapapo aonongeka kwambiri, ndipo ana amene amagona naye m'nyumba imodzi ayamba kutsokomola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbale imodzi ya nsima ija yadula banja lonse.

Chigawo chathu cha Tete chili ndi chinthu chimene tiyenera kunyadira pa nkhani ya HIV. Mu 2008 odwala, achipatala cha boma ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayambitsa kuno magulu otchedwa GAAC, a anthu osapitirira 6 okhala moyandikana, amene amasinthana kupita kuchipatala kukatengerana ma ARV. Njirayi inafalikira m'dziko lonse la Mozambique ndi m'mayiko ena oyandikana nafe. Mphamvu yake inali yakuti anthu ankayang'anirana. Ngati muli m'gulu lotere, kapena mumathandizana ndi anzanu mwa njira ina, mukaona mnzanu akuonda kapena akukana chakudya, m'perekezeni kuchipatala.

AMAYI OYEMBEKEZERA, OYAMWITSA NDI ANA

Miyezi itatu yoyamba ya pathupi amayi ambiri amavutika ndi nseru, ndipo ena amalangizidwa kumwa tiyi wa masamba a chamba. Amayi, musayese. THC amadutsa m'magazi a mayi n'kufika kwa mwana amene ubongo wake ukungoumbidwa kumene, ndipo kusuta chamba pa nthawi ya pathupi kumayendera limodzi ndi kubereka mwana wochepa thupi. THC amakonda mafuta, choncho amalowa mu mkaka wa m'mawere ndipo amakhalamo masiku angapo. Ngati nseru yakula, kanenani kusikelo. Anamwino ali ndi njira zothandiza zosaopsa.

Mwana wokana kudya asapatsidwe chamba m'phala, ngakhale kachidutswa. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo muyezo umene wamkulu angangoseka nawo ukhoza kugoneka mwana tulo tosadzuka msanga, kumufooketsa mpaka kupuma movutika. Mwana amene wadya chamba mwangozi n'kuyamba kuodzera modabwitsa kapena kudzandira, thamangirani naye kuchipatala ndipo mukanene chimene wadya. Mwana woonda kapena wotupa mapazi amathandizidwa kuchipatala ndi chiponde chamankhwala, chimene ku Mozambique amachitcha ATPU.

Achinyamata nawonso adziwe kuti ubongo umapitiriza kukula mpaka zaka za m'ma 20. Kuyamba chamba msanga ndi kusuta tsiku ndi tsiku kumawonjezera chiopsezo cha matenda a misala, makamaka ngati m'banja mwanu munakhalapo wodwala matendawa.

MALAMULO KUNO NDI KUTSIDYA

Ife a m'malire timamva nkhani za mayiko angapo nthawi imodzi, ndipo n'kosavuta kusokonezeka. Ku Mozambique kulima, kugulitsa, kusunga ndi kusuta suruma ndi mlandu. Lamulo la Lei 3/97 la pa 13 Marichi 1997 ndi limene linakhazikitsa zilango zake pamodzi ndi ofesi yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ya Gabinete Central de Prevenção e Combate à Droga.

Ku Malawi Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 lamulo lolola kulima chamba chopangira mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale, kwa okhawo amene apatsidwa chiphaso ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Zimbabwe inayamba kupereka ziphaso zotere mu 2018, ndipo Zambia inakhazikitsa malamulo ake mu 2021. M'mayiko atatu onsewa kusuta chamba kukadali mlandu. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta kunyumba kwake, koma chigamulochi chimathera m'malire a dzikolo. Achimwene obwera kuchokera ku Joni asakupusitseni kuti "analoleza." Mukapezeka nacho pa Cuchamano, pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Cassacatiza, mudzayankha mlandu.

ZIMENE MUNGACHITE WODWALA AKAMAKANA CHAKUDYA

1. Pitani naye kuchipatala ngati wakhala sabata yathunthu osadya bwino, ngati zovala zayamba kumukhwepa, kapena ngati akutsokomola, kutentha thupi, kutsegula m'mimba kapena kumva ululu pomeza. Pemphani kuti amuyeze pasikelo, ndiponso amuyeze HIV, TB, malungo ndi shuga.

2. M'patseni chakudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Mbale yodzaza imagwetsa ulesi wodwala. Kuno kotentha, ambiri amadya bwino m'mawa kwambiri ndi madzulo dzuwa litapepa.

3. Lemeretsani phala. Thiranimo nsinjiro, supuni ya mafuta ophikira, dzira, mkaka, kapena kapenta wosinja. Ufa wa malambe umapatsa phala kakomedwe kowawasa kamene odwala ambiri amakakonda. Masau, mango, nthochi ndi papaya zimathandizanso pa nyengo yake.

4. Ngati m'kamwa muli zilonda, m'patseni zofewa ndi zozizirirapo, zopanda tsabola. Azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono.

5. Amwe madzi pakati pa zakudya. Akamwa ambiri atangotsala pang'ono kudya, mimba imadzaza msanga.

6. Musamusiye adye yekha kuchipinda. Khalani naye pamphasa, idyani naye, chezani naye. Ngati angathe, ayendeko pang'ono asanadye.

7. Pewani mapiritsi onenepetsa ogulitsidwa pamsika. Ena mwa iwo amangotupitsa nkhope, kukweza shuga ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi.

KWA INU AMENE MUKUFUNA KUSIYA

Achimwene, ngati mwafika poti simudya musanasute, dziwani kuti njala yanu sinafe. Sankhani tsiku losiya ndipo uzani munthu mmodzi amene mumam'khulupirira, kaya mkazi wanu, malume anu kapena mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti wanu. Sabata yoyamba idyani ngakhale simukufuna, pa nthawi yake, pang'onopang'ono: phala, nthochi, mbatata, thobwa. Imwani madzi ambiri. Gwirani ntchito yotopetsa thupi masana kuti tulo tibwere usiku. Musalowetse mowa m'malo mwa chamba, ndipo kwa kanthawi talikiranani ndi malo amene munkasutira. Mukagwa n'kusutanso, yambiraninso mawa lake.

Mukaona kuti simukugona masiku angapo, mukumva mawu amene ena sakuwamva, mukuopa anthu popanda chifukwa kapena mukuganiza zodzipweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Hospital Provincial de Tete ndi m'zipatala za m'maboma muli ogwira ntchito za matenda a maganizo, ndipo ntchito yawo ndi kukuthandizani. Kutsidya ku Malawi yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo iwo adzakutumizani koyenera.

Inu makolo ndi achibale, munthu amene akusiya chamba amakhala waukali masiku oyamba. Mupirireni, m'phikireni, ndipo musamunyoze pagulu. Pakatha mwezi mudzaona yekha akufunsa ngati nsima yapsa.

Kambiranani nkhaniyi m'makalabu anu a omvera, ndipo amene amatha kuwerenga awawerengere anzawo. Mafunso amene mungakhale nawo kafunseni achipatala a m'dera lanu kapena atumizeni kuno ku wailesi yanu, tidzawayankha m'pulogalamu ya zaumoyo. Paja safunsa anadya phula.